Mwabwerera pa desiki muli ndi ana kale? Umu ndi momwe mungamvanirane ndi anzanu owerenga nawo

Tsiku loyamba kulowa m'kalasi ya open kuno ku Kasungu, mtsikana wina anadzuka pa desiki n'kundipatsa malo. Ankayesa ndine kholo lodzaona aphunzitsi. Ndinali ndi zaka 39, ana atatu, ndi zotsatira zakalekale za MSCE zomwe Chingerezi chinandigwetsa. Paja ku MANEB ukalephera Chingerezi satifiketi siituluka, ngakhale maphunziro enawo utawakhoza chotani. Sabata yonse yoyambayo mawu amene ndinamva kwa anzanga a m'kalasi anali akuti "mwaswera bwanji, bambo" basi. Nanenso sindinatsegule pakamwa.

Ambirife tikabwerera kusukulu titakula, kaya ndi ku open masana, kaya maphunziro apatali a ku Mzuzu University kapena ku Domasi, kaya ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, chimene timaopa ndi masamu. Koma pa zaka ziwiri zimene ndinakhala pa desiki ndinaona kuti chogwetsa akuluakulu ndi zinthu zimene aliyense akuzidziwa koma palibe wozitchula. Magulu owerengera limodzi amayamba ndi moto mu Okutobala, pofika Febuluwale aphwasuka, ndipo mukafunsa aliyense amangoti "anthu ake ngovuta." Nazi zimene zinasunga gulu lathu lachiwiri, loyamba litafa.

1. Muyambe ndinu kunena kuti "sindinamve"

M'kalasi ya open mumakhala ana a zaka 17 amene sanasankhidwe kusekondale, pamodzi ndi ife a imvi. Mwana ameneyu analeredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Ndiye mukaphonya samu pagulu, iye akuona ndithu kuti mwaphonya, koma amangoti "eya bambo, mwina zikhoza kutero." Inu mupita kunyumba ndi yankho lolakwika, iye apita ndi ulemu wake, ndipo wochonga mayeso sadzafunsa zaka zanu.

Mwanayo sangayambe, woyamba ndinu. Ine tsiku lina titaweruka ndinamutsatira mnyamata wina wodziwa masamu n'kumuuza kuti, "Achimwene, ma simultaneous equations aja andidutsa. Mungandionetseko pa bolodi mphindi khumi zokha?" Anayamba wayang'ana kumbuyo kuti aone achimwene akewo ndi ati. Anandiphunzitsa choko chikunjenjemera m'manja, ndipo nditaiwala chizindikiro cha minus anangokhala chete kuyang'ana pansi. Ndinachita kumuuza kuti, "Mukaona ndaphonya muzindiuza pomwepo. Mukandisiya ndiye kuti mwandipha." Kuyambira pamenepo anayamba kundidula mawu, ndipo anzake ataona kuti sindikukwiya anamasuka nawonso.

Pali mbali ina imene akulu sitikonda kuimva. Tili ndi chizolowezi chosandutsa zokambirana zilizonse kukhala malangizo. Funso ndi la Geography, ife tayamba kufotokoza mmene tinkalipirira fizi ku pulayimale 1994 isanafike, mmene aphunzitsi akale ankakwapulira. Ana amamvetsera mwaulemu, ola n'kutha, sabata yamawa osabweranso. Dziikireni lamulo lakuti pa funso lililonse musakhale woyamba kuyankha. Dikirani awiri ayambe ayankhula.

Komanso musadzichepetse mpaka kubisa zimene mukudziwa. Tsiku limene tinkalimbana ndi osmosis mu Biology, anatimasula ndi bambo wina wolima fodya wa ku Chamama. Anati, "Kodi simunaone mbewu ikufota mutathira feteleza pafupi kwambiri ndi tsinde? Mchere uja umakoka madzi kuchoka m'mizu." Ana amene analoweza tanthauzo la m'buku osalimvetsa anangoti kukamwa yasa. Zoterozo ndiye muzibweretsa pagulu.

2. Posankha gulu muziyang'ananso mseu

Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana. Akachuluka, ena amabisala kumbuyo kwa anzawo. Gulu lathu loyamba linali la anthu 14 osankhidwa chifukwa "ndi anzeru", wina wochokera mbali ya ku Santhe, wina njira ya ku Mtunthama, wina ku Chinkhoma. Ndalama ya kabaza ndi minibasi inalidya pang'onopang'ono. Sankhani anthu oti angafike pokumanira wapansi kapena pa njinga, ndipo muonetsetse kuti palibe phunziro limene nonsenu limakuvutani.

3. Zochititsa manyazi muzinene tsiku loyamba

Apa ndiye pagona nkhani. Pamsonkhano woyamba musatsegule buku. Khalani pansi ngati mmene amachitira a banki m'khonde poyamba chaka, mugwirizane malamulo, mmodzi alembe m'kope, aliyense asaine.

Yambani ndi ndalama. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amafuna fotokope, choko n'chogula, ndipo nthawi zina mumafuna kuthokoza mphunzitsi amene wataya Loweruka lake chifukwa cha inu. Mukapanda kugwirizana, amene ali pantchito amangotulutsa m'thumba, posakhalitsa amayamba kulamula, ndipo amene alibe amayamba kujomba chifukwa cha manyazi. Palibe amene adzanene kuti vuto ndi ndalama, mudzangomva kuti "mwana wadwala." Gwirizanani kandalama kofanana pamwezi koti wochepekedwa kwambiri pagulupo akhoza kukapeza, kazipita kwa msungichuma pa Airtel Money kapena Mpamba kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni. Ife tinalola kuti amene alibe mwezi umenewo azikopera manotsi a anzake amene ajomba. Imeneyonso ndi ntchito, ndipo munthu amabwera mutu uli m'mwamba.

Kenako nthawi. "Tikumana masana" si nthawi. Tchulani ola loyambira ndi lomalizira, ndipo muziyamba ngakhale mutafika awiri okha. Mukadikira wochedwa kamodzi, mwaphunzitsa gulu lonse kuchedwa.

Mukatero tengani kalendala muyang'ane chaka chonse mosanamizana. Kuno teremu yoyamba imatha anthu akuokera fodya ndi kubzala chimanga. Januwale ndi Febuluwale ndi kupalira, kubandira, kuthyola fodya ndi kusoka. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, mayeso a MSCE atayandikira. Mlimi amene akudikira kuti mabelo ake agulidwe ku Chinkhoma sangabwere kudzawerenga, ndipo umenewo si ulesi. Aneneretu mu Okutobala kuti gulu limupatse mitu yake yofotokoza m'miyezi imene ali ndi mpata. N'chimodzimodzi mayi wa geni amene ali ndi tsiku lokapikula katundu, kapena mlonda amene amagwira ya usiku. Zonenedweratu sizikwiyitsa munthu. Chokwiyitsa ndi mpando wopanda munthu pa tsiku limene mwiniwake amayenera kuphunzitsa.

Za maliro tinagwirizana kuti safuna kupepesa koma amafuna uthenga. Ngakhale kufulasha kokha kwa mlembi kunali kokwanira.

4. Lekani kufunsa kuti "mwamva?"

Munthu wamkulu akafunsidwa kuti "mwamva?" yankho lake ndi "eya" nthawi zonse. M'malo mwake muziti, "Tandibwezereni mmene mwamvera."

Ife tinkachita chonchi. Aliyense ankapatsidwa mutu umodzi pa sabata kuchokera mu silabasi. Ankaufotokoza mphindi 15, ena onse mafoni atavundikira pa desiki. Akamaliza, mlembi ankaloza munthu wina kuti abwereze m'mawu akeake, wofotokoza uja osamudula. Pobwerezapo ndi pamene mabowo amaonekera, ndipo kangapo konse tinapeza kuti amene sanamve bwino ndi wofotokoza yemweyo. Kumvetsera kumasintha mukadziwa kuti chala chikhoza kuloza inu.

Pofunsa funso, lozani malo enieni pamene mwatayikira. "Sindikumva masamu" sathandiza aliyense. "Ndamva mpaka pamene mwachulukitsa ndi 2, koma 7 uyu wachokera kuti?" ameneyo ndi funso loti mnzanu akhoza kuliyankha mphindi imodzi.

Nkhani ya chilankhulo musaichitire manyazi. Fotokozeranani m'Chichewa mpaka aliyense amve, ndipo ngati muli ndi anzanu a ku Nkhamenya kapena ku Chisemphere amene chinthu chimawalowa bwino m'Chitumbuka, asiyeni amasulirane, si miseche. Koma musabalalike musanalembe yankholo m'Chingerezi, chifukwa kupatula pepala la Chichewa, mayeso mudzalemba m'Chingerezi. Kwa ife mphindi 20 zomaliza zinali za Chingerezi chokhachokha, chothyokathyoka chomwecho, ndipo woseka mnzake ankagula mandasi a gulu lonse. Ine ndinagulapo kawiri.

5. Gulu la pa WhatsApp likhale la sukulu basi

Mavesi a m'mawa, mpira ndi ndale zili ndi magulu ake. Mnzanu amene wagula kabandulo ka tsiku limodzi akapeza mauthenga 200, samawerenga ngakhale umodzi, ndipo wa kusintha kwa nthawi ya mawa umamira momwemo. Kumbukiraninso amene ali ndi foni ya mabatani: pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ntchito yake ndi kumuimbira. Ndipo musadzudzulane pa WhatsApp. Mawu olembedwa alibe nkhope, "chabwino" wamba amamveka ngati mwano.

6. Wina akasiya kukoka nawo

Zidzachitika ndithu. Wina adzabwera kawiri motsatizana osakonzekera mutu wake, kapena adzangokhala wokopera mayankho. Chizolowezi chathu ndi kumunena iye kulibe, kumumwetulira akabwera, kenako kutsegula gulu lina la pa WhatsApp iye osamuikamo. Umu ndi mmene gulu lathu loyamba linathera.

Mutumeni munthu mmodzi, amene amamasukirana naye, akakambe naye pambali. Atchule chimene chinachitika ndi tsiku lake, osati khalidwe la munthuyo. "Achemwali, Lachiwiri lapitali ndi lija mutu wa Agriculture unali wanu ndipo sitinauphunzire. Chikuvuta n'chiyani?" Akafunsa atseke pakamwa, adikire, ngakhale patakhala chete wautali. Kunena kuti "ndinu aulesi" kumatseka nkhani isanayambe.

Mayi amene tinkamuyesa waulesi pagulu lathu zinapezeka kuti maso ankamuvuta, zilembo zing'onozing'ono za pa fotokope sankaziona madzulo, ndipo ankachita manyazi kunena pamaso pa ana. Mankhwala ake anali kumupatsa mapepala a zilembo zazikulu ndi kumukhazika pafupi ndi windo mpaka atapeza magalasi. Tikanamuchotsa tikanataya munthu amene ankadziwa Chichewa cha galamala kuposa tonsefe.

Nthawi zina chifukwa sichipezeka, munthuyo sakufuna basi. Pamenepo tsegulani kope lija la malamulo limene anasaina yekha, mumuwerengere, mumuuze pamaso kuti gulu lipitirira popanda iye. Zimawawa tsiku limodzi. Mudzakumanabe naye kumsika ndi kumaliro, ndiye musiyane moti moni apitirire.

Ngati wodzudzulidwa ndinu, makamaka wokudzudzulaniyo ali msinkhu wa mwana wanu, mtima umadumpha. Musayankhe pomwepo. Nenani kuti "ndamva, ndiganizire," mukagone nazo.

7. Aphunzitsi, ndi a kunyumba

Aphunzitsi ambiri a ku open amakhala ataphunzitsa kale m'mawa wonse, ndipo ena ndi ang'ono kwa inu. Apatseni ulemu wa udindo wawo, "aphunzitsi" kapena "madamu", ngakhale munawaona akukwawa. Musawatsekereze panjira aliyense ndi funso lake. Lembani papepala limodzi mafunso awiri kapena atatu amene gulu lonse lalephera, ndi zimene munayesa, mmodzi akapereke. Mafunso otere amayankhidwa bwino, ndipo nthawi zambiri amabwerezedwa m'kalasi.

Kunyumba nako kuli gulu lanu lina, ndipo likhoza kuphwasula la kusukulu. Bambo wapabanja amene Loweruka lililonse akukakhala ndi atsikana a zaka 19 "kukawerenga", kapena mayi amene foni yake ikulandira mauthenga a amuna usiku, anthu a m'mudzi sachedwa kumupangira nkhani. Musadikire kuti ifike pakhomo kudzera kwa ena. Auzeni amuna anu kapena akazi anu mayina a onse a pagulu, malo ndi nthawi, ndipo muzikumana poonekera: m'kalasi, pa tchalitchi kapena pa mzikiti mutapempha chilolezo, kapena pakhonde pa mmodzi wa inu masana. Mauthenga a gulu azitha 8 koloko usiku.

Ife tinkasinthana makomo kamodzi pamwezi kuti a kunyumba atione nkhope. Ulendo woyamba kwathu akazi anga anakhala chapatali akusenda mtedza, khutu lili kwa ife. Ulendo wachiwiri anatiphikira mbatata. Pofika Meyi ndi iwo ankagwira wotchi tikamayesa kulemba pepala lathunthu la masamu, ndipo nthawi ikakwana ankalanda mapepala osamva za "ndatsala mzere umodzi."