Momwe mungaonere mapepala a Patrick White ku Canberra

Mwafunsa momwe mungaonere zolemba pamanja za Patrick White, mlembi wa mabuku wa ku Australia yemwe analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1973. Zambiri zili ku National Library of Australia, laibulale yaikulu ya dzikolo ya ku Canberra, yomwe inazigula mu 2006. White mwiniwake ankanena kuti anaziwononga zonse, komatu zinalipo.

Choyamba, fufuzani MS 9982, nambala ya zolembazi, pa intaneti ya laibulaleyo, mulembe nambala ya bokosi lomwe mukufuna. Kenako lembetsani khadi la laibulale, ndi laulere. Itanitsani mabokosiwo musananyamuke, chifukwa satuluka nthawi yomweyo. Mukafika, lowani mu Special Collections Reading Room, chipinda chowerengeramo zolemba zapadera, mutatenga pensulo. Cholembera cha inki sichiloledwa.

Ngati muli kutali, pemphani akujambulireni masamba. Pamenepo mulipira, ndipo ena amafunika chilolezo cha eni ake a zolembazo.