Mmene Mungathetsere Chibaba Chosuzumira Ziwerengero za Owerenga

Aliyense amene amalemba nkhani n'kuziika pa intaneti amadziwa zimene zimachitika nkhani ikangotuluka: pakapita mphindi zochepa amatsegula ziwerengero kuti aone kuti yawerengedwa ndi anthu angati, amatseka, kenako amatsegulanso asanalembe ngakhale chiganizo chimodzi cha nkhani yotsatira. Chibaba chimenechi sichitha ndi kudzidzudzula, choncho ndi bwino kuyamba mwamvetsa chimene chimachikoleza.

M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa za khalidwe B. F. Skinner anaona kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chigwa liti, imajompha batani mosalekeza, ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudyacho chitaleka kubwera. Makina a juga amakola anthu m'njira yomweyo, ndipo ziwerengero za owerenga nazonso zimatero, chifukwa nthawi zambiri mumapeza kuti palibe chasintha, koma tsiku lina mumapeza kuti nkhani yanu yafalikira, ndiye mtima umangoyembekezera tsiku ngati limenelo.

Choyamba, kwa masiku atatu musasinthe kalikonse, koma muzilemba kachizindikiro papepala nthawi iliyonse imene mwasuzumira. Mukawerenga tizizindikiroto mudzaona nthawi zimene dzanja limathamangira ku foni, kaya ndi m'mawa mukangodzuka kapena pamene chiganizo chakukanikani.

Mukatero, talikitsani njira. Chotsani pa foni pulogalamu yoonetsa ziwerengero, zimitsani mauthenga ake, ndipo pa kompyuta muzituluka mu akaunti ya Google Analytics kapena chida china chimene mumagwiritsa ntchito, kuti kulowanso kuzifuna kulemba mawu achinsinsi. Kuchedwa kwa masekondi ochepa kumeneku kumapatsa mutu mpata wofunsa ngati pali chifukwa chenicheni cholowera. Screen Time pa iPhone ndi Digital Wellbeing pa Android, zida zoyeza nthawi imene mumathera pa foni zimene zinabwera mu 2018, zingakuthandizeni kuika malire, ndipo Instagram kuyambira mu 2021 imalola munthu kubisa chiwerengero cha anthu amene akonda zimene waika.

Kenako sankhani tsiku limodzi pa mlungu, ndi mphindi zosapitirira 20, zoonera ziwerengero, ndipo musanatsegule lembani funso limene mukufuna kuti ziyankhe. Funso labwino ndi limene yankho lake lingasinthe zochita zanu, mwachitsanzo lofuna kudziwa ngati owerenga amafika kumapeto kwa nkhani zazitali, kapena nkhani zakale zimene anthu akuzipezabe pofufuza. Kungofuna kudziwa ngati lero kwabwera anthu ambiri kuposa dzulo si funso ayi, ndi chibaba chomwe chija chitavala jekete.

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa ziwerengero za tsiku limodzi zimanamiza. Ngati dzulo munali ndi owerenga 20 ndipo lero muli ndi 30, chida chidzakuuzani kuti mwakwera ndi 50 peresenti, pamene kusiyana kwake ndi anthu khumi okha, amene mwina abwera chifukwa munthu mmodzi watumizira anzake nkhaniyo. Komanso si onse owerengedwa amene ali anthu, pakuti ena ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti, ndipo munthu amene watsegula nkhani n'kuitseka pompo amawerengedwa mofanana ndi amene waiwerenga mpaka kumapeto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muziyerekezera mwezi ndi mwezi, osati tsiku ndi tsiku.

Choopsa kwambiri, m'kuona kwanga, si nthawi yotayika koma mmene ziwerengero zimasinthira zolemba. Pali lamulo lotchedwa ndi dzina la katswiri wa zachuma Charles Goodhart, lonena kuti muyeso ukasanduka cholinga umasiya kukhala muyeso wabwino. Wolemba amene akuthamangitsa chiwerengero amayamba kupeka mitu yokopa imene nkhani yake siikukwaniritsa, n'kusiya zimene amazidziwa bwino chifukwa sizikoka gulu. Pofuna kupewa zimenezi, khalani ndi kabuku kolembamo zinthu zimene zili m'manja mwanu: maola amene mwalemba, nkhani zimene mwamaliza, ndi mfundo zimene mwatsimikizira musanazitulutse.

Maola oyamba nkhani ikatuluka ndi amene amavuta kwambiri, choncho konzeranitu chochita. Muzitulutsa nkhani mutatsala pang'ono kuyamba ntchito ina imene siifuna foni, ndipo mutu wa nkhani yotsatira ukhale utalembedwa kale kuti mukabwerera mupeze poyambira. Mukaphonya n'kusuzumira pakati pa mlungu, ingolembani kachizindikiro papepala lija n'kudikira tsiku lanu. Amene amapeza ndalama kudzera mwa otsatsa malonda angawonjezere tsiku limodzi kumapeto kwa mwezi lokonzera lipoti limene otsatsawo amafuna.