Musanagule mbaula yolowetsa pansi pa chumuni ku Britain

Amene mukukhala ku Britain m'nyumba yanuyanu yokhala ndi malo osonkhapo moto, ndipo mukufuna mbaula ya nkhuni yolowetsa m'khoma pansi pa chumuni, musakomedwe ndi mtengo umene mwauona pa intaneti. Nthawi zambiri umakhala wa mbaula yokha. Ndalama zimathera pa paipi yachitsulo yodutsa m'chumuni, kusesa mwaye ndi malipiro a woiika, moti zimenezi zikhoza kuposa mtengo wa mbaulayo. Uzani ogulitsa angapo akulembereni mtengo wa ntchito yonse, kenako muyerekeze. Woiikayo akhale wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza oika mbaula, chifukwa satifiketi yake ogula adzaifuna tsiku limene mudzagulitse nyumba.

Yezani kaye mulifupi, kutalika ndi kuya kwa malo osonkhapo motowo. Yotchipa koma yosalowa idzafuna kugumula njerwa, phindu lonse n'kuthera pomwepo.

Kagulani mu Juni kapena Julayi, pamene oika mbaula alibe ntchito yambiri. Ikafika Okutobala aliyense wayamba kunjenjemera, ndiye palibe wogulitsa amene angamve zonenerera. Funsaninso za mbaula zimene zinali pachionetsero m'sitolo, amakonda kuzitsitsa mtengo.

Zogwiritsidwa kale ntchito za pa Facebook ine sindizikhulupirira kwenikweni, chifukwa zikhoza kukhala zosagwirizana ndi malamulo. Kuyambira mu 2022 mbaula zatsopano zimayenera kukwaniritsa malamulo a Ecodesign ochepetsa utsi wotuluka m'mbaula, ndipo m'madera oletsa utsi, monga mbali yaikulu ya London, pamafunika yovomerezedwa ndi Defra, unduna wa boma woona zachilengedwe. Pabalaza wamba mbaula ya 5 kW (muyezo wa kutentha kumene imatulutsa) imakwana. Yoposa pamenepo imafuna kuboola khoma kuti mpweya uzilowa, zomwe ndi ndalama zinanso.