Mmene mungatsegulire akaunti ya bungwe pa msika wa masheya

Akaunti ya bungwe si ya munthu mmodzi ayi, ndi ya kampani, banki, inshulansi kapena thumba la penshoni, ndiye ndalama zake nzambiri komanso nza anthu ena. Ku America, FINRA, yomwe imayang'anira makampani ogula ndi kugulitsira anthu masheya, imawerengeranso m'gulu lomweli aliyense amene chuma chake chafika madola 50 miliyoni.

Poyamba konzani mapepala. Buloka, amene amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, adzafuna satifiketi yakuti kampani inalembetsedwa, maina a eni ake enieni, komanso chikalata cha bodi chonena kuti uyu ndi uyu ndi amene aloledwa kugula kapena kugulitsa. Apa musathamange chonde, sankhani anthu awiri osayina osati mmodzi, chifukwa munthu mmodzi akagwira yekha chuma cha anzake mayesero amachuluka.

Kenako pezani custodian. Buloka ntchito yake nkugula ndi kugulitsa basi, koma masheyawo amasungidwa ndi custodian, kawirikawiri banki ina, mwakuti buloka atagwa mawa masheya anu ali bwinobwino.

Pogula ndiye pamafunika mutu. Mukaponya oda ya masheya 2 miliyoni nthawi imodzi mtengo umakwera muli pomwepo ndipo mumadzipweteka nokha, nchifukwa chake buloka amaiduladula tizidutswa tsiku lonse kapena masiku angapo, apo ayi amapeza bungwe lina lofuna kugulitsa zambiri nkugwirizana mtengo umodzi. Komishoni nayo kambiranani, mabungwe salipira ngati munthu wamba.

Ndalama zikhale zokonzeka tsiku lolipira lisanafike, ku America kuyambira May 2024 ndi tsiku limodzi chabe mutagula.