Diripi yokha siikwanira: kubwezeretsa madzi ndi mchere kwa wodwala kolera

Mliri wa kolera womwe unayamba m'dziko muno la Malawi m'chaka cha 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700. Chimene chimapha pa matendawa n'kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, zomwe zimatha kuchitika m'maola ochepa chabe. Malangizo awa ndi a anamwino ndi onse osamalira odwala otsekula m'mimba kwambiri.

Wodwala akangofika, onani msanga kuchuluka kwa madzi amene wataya. Ngati ali ndi zizindikiro ziwiri mwa izi, madzi amuthera kwambiri: kufooka mpaka kulephera kudzuka kapena kukomoka, maso kulowa m'kati, kulephera kumwa, ndi khungu la pamimba lomwe mukalitsina limatenga masekondi oposa awiri kuti libwerere. Kwa nkhalamba kutsina khungu kumapusitsa, chifukwa khungu lawo ndi lokwinyika kale. Gwirani mtsempha wa padzanja; ngati ukugunda mofooka kapena sukumveka, musadikire china.

Wodwala amene madzi amuthera kwambiriyu aikidwe diripi ya madzi amchere otchedwa Ringer's lactate, 100 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, m'magawo awiri. Kwa wamkulu ndi mwana amene wakwanitsa chaka, 30 ml pa kilogalamu ilowe m'mphindi 30, ndipo 70 ml pa kilogalamu ilowe m'maola awiri ndi theka. Kwa khanda losakwana chaka, gawo loyamba litenge ola limodzi, lachiwiri maola asanu. Munthu wa makilogalamu 50 afunika 1,500 ml m'theka la ola loyambalo. Kanyula (kachubu kolowa mumtsempha) wamng'ono sangapereke madzi otere. Kwa wamkulu gwiritsani nambala 16 kapena 18, ndipo pakafunika ikani awiri.

Pa makanda m'pamene masamu amatayika. Khanda la makilogalamu 8 lifunika 240 ml m'ola loyamba. Ngati chubu chanu n'cha madontho 20 pa mililita imodzi, chulukitsani 240 ndi 20 n'kugawa ndi mphindi 60, mupeza madontho 80 pa mphindi. Gawo lachiwiri ndi 560 ml m'maola asanu, omwe ndi madontho pafupifupi 37 pa mphindi. Werengani pa paketi ya chubucho, chifukwa china ndi cha madontho 60. Lembani pa botolo nthawi imene mwalikoloweka ndi pomwe madzi ayenera kukhala atafika ola likatha.

Ringer's ikasowa, diripi ina yamchere ya normal saline ingagwire ntchito. Diripi ya shuga, dextrose ya 5%, payokha ayi: shuga wake akatha m'thupi mumatsala madzi opanda mchere, omwe sakhalitsa m'mitsempha ndipo amagwetsa sodiyamu m'magazi.

Ambiri amalakwitsa wodwala akayamba kutsitsimuka. Maso abwerera, akulankhula, gadiyani wamwetulira, ndipo aliyense akuganiza kuti zatha. Koma chimbudzi cha kolera chimatuluka ndi mchere wa potaziyamu wambiri, pomwe Ringer's ili ndi 4 mmol (muyezo wa mchere) yokha pa lita, ndipo normal saline ilibiretu. Komanso asidi wa m'magazi akamachepa chifukwa cha diripi, potaziyamu amalowa m'maselo, ndiye m'magazi amatsikanso kwambiri. Muyezo wake woyenera ndi 3.5 mpaka 5.0 mmol pa lita, koma zipatala zambiri zazing'ono zilibe makina oyezera, choncho maso a namwino ndiwo labu. Mimba yotupa yosalira m'kati, manja ndi miyendo yolefuka, mwana wolephera kudzutsa mutu, kapena mtima wogunda modumphadumpha, zonsezi zikuloza ku potaziyamu.

Mankhwala ake ali pafupi: ORS, madzi akumwa a mchere ndi shuga amene ambiri timangoti Thanzi. Lita imodzi ili ndi potaziyamu 20 mmol, kasanu kuposa Ringer's, ndi sodiyamu 75 mmol. Yambani kummwetsa akangotha kumeza, diripi ikadali pamkono, pafupifupi 5 ml pa kilogalamu pa ola. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono ndi supuni. Mayi asasiye kuyamwitsa, ndipo wotha kudya apatsidwe nthochi ndi phala. Potassium chloride wa jakisoni asabayidwe mwachindunji mumtsempha ngakhale pang'ono, amaimitsa mtima. Ngati adokotala alemba, amasakanizidwa bwino m'botolo la diripi n'kuyenda pang'onopang'ono, wodwala atayamba kale kukodza.

Kasungunulidwe ka Thanzi nakonso nkofunika kukaonetsetsa. Onani pa paketi kuchuluka kwa madzi ofunika, ndipo muyeze ndi chiwiya chodziwika. Magadiyani ena amachepetsa madzi poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, koma zimenezo zimakweza sodiyamu, mwana n'kuyamba ludzu losatha, kukwiyakwiya, mwina kukomoka kumene. Thanzi wosungunula wotsala akatha maola 24 atayidwe.

Wodwala amene madzi amuthera pang'ono, woti akumwa mwaludzu, safunika diripi. Mpatseni ORS 75 ml pa kilogalamu m'maola anayi, kenako mumuyezenso.

Madzi akachuluka nawonso amapha. Pa gawo loyamba muoneni wodwala mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Zikope zikatupa, akayamba kutsokomola kapena kupuma mothamanga kuposa poyamba, imitsani diripi, mukhazikeni tsonga ndipo itanani adokotala. Nkhalamba, odwala mtima kapena impso ndi ana onyentchera ndiwo amadzadza msanga. Mwana wonyentchera kwambiri sapatsidwa madzi pa liwiro tatchulali. Ali ndi ndondomeko yakeyake, ndipo diripi imaikidwa pokhapokha ali mu shock, pamene magazi sakuyenda mokwanira m'thupi. Mwana amene akukhalabe wolefuka madzi atalowa, muyezeni shuga. Shugayo akatsika, mpatseni dextrose ya 10%, 5 ml pa kilogalamu.

Ndowa ya pansi pa bedi la kolera isatayidwe musanalembe kuchuluka kwa zimene zilimo, pamodzi ndi masanzi, chifukwa zomwe zatulukazo ziyenera kubwezedwa pamwamba pa 100 ml pa kilogalamu ija. Lembaninso mkodzo: wamkulu azikodza osachepera 0.5 ml pa kilogalamu pa ola. Ngati papita maola sikisi kapena eyiti madzi atalowa koma mkodzo kulibe, dziwitsani adokotala, impso zingakhale zitavulala.