Mafilimu a apolisi awiri osiyana mtima: muziyambira gawo loyamba

Anzanga okonda mafilimu a zigawozigawo, aja a apolisi awiri amene amawaphatikiza pa ntchito koma khalidwe lawo ndi losiyana kutalitali, ndikupempheni chinthu chimodzi: musamayambire pakati.

Ine zinandionekera. Mnyamata wina pamsika wa Lizulu anandiikira mu memori khadi kuyambira gawo la 9, ndipo ndinkangodabwa kuti alamu anga, amene anaonera kale zoyambirira, akuseka chiyani. Kukoma kwa mafilimu amenewa sikuli pa mlandu ayi. Wakuba amagwidwa basi, pakatha mphindi 40 kapena 45 nkhani yatha. Chokoma ndi awiriwo: wina wamalamulo, malaya osita bwino, cholembera m'thumba, mnzakeyo kufika mochedwa, kudyera m'galimoto, nyenyeswa mbwee pampando. Nthabwala za kutsogolo zimachokera pa mikangano ya poyamba, ndiye ukaphonya pamenepo umangoti kukamwa yasa.

Musanalipire, muuzeni wokuikirani mafilimuyo akutsegulireni gawo loyamba, muone ngati mawu akuyenda limodzi ndi milomo. Omasuliridwa m'Chichewa aja amaseketsa, sindikana, koma womasulira wina satseka pakamwa, amalongolola ngakhale pamene wapolisi wamwano uja wakhala duu pabenchi kuchipatala kudikira mnzake wovulala. Malo amenewo amafuna pakhale zii.

Ndi kuzizira kwa mu June kuno ku Dedza, zigawo ziwiri pa usiku zimakwana, kachewere wootcha ali pambali. Ana muwagoneke kaye, mfuti zimaliramo ndithu.