Momwe mungapangire tchizi chofewa kunyumba ndi kuchidyera mu ndiwo kapena ndi zipatso

Anthu ambiri amaona tchizi ngati chakudya cha m'masitolo akuluakulu chimene angakwanitse ndi opeza bwino okha, koma pali mtundu wina umene aliyense wokhala ndi mbaula, sefuliya ndi mandimu angathe kupanga m'maola awiri. Ku India amautcha paneer, ndipo ubwino wake ndi wakuti susungunuka pamoto, choncho umakazingika ngati nyama n'kulowa bwino mu ndiwo zathu zamasamba. Kwa amene amakhala pafupi ndi alimi a ng'ombe zamkaka, monga ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, iyi ndi njira yabwino yopulumutsira mkaka umene ukanangosasa.

Konzani malita 2 a mkaka wosachotsedwa mafuta, mandimu atatu, sefa, ndi nsalu yopyapyala yochapidwa bwino. Mkaka wa m'mabokosi umene umakhala miyezi osawonongeka suundana bwino, chifukwa unatenthetsedwa kwambiri ku fakitale, ndiye ndi bwino kupeza wokamidwa kumene.

Thirani mkakawo m'sefuliya yokhuthala pansi ndipo muuike pamoto wosakolera kwambiri. Apa m'pofunika kudekha. Muzitakasa ndi mthiko mpaka pansi, chifukwa mkaka ukangopserera, fungo lake limalowerera tchizi chonse ndipo palibe chimene mungachite kuti lichoke. Ulekeni uwire ndithu, makamaka ngati mwaugula kwa mlimi, popeza mkaka wosaphitsa ungathe kufalitsa matenda monga chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Ukayamba kufufuma, phulani.

Tsopano thirani madzi a mandimu, supuni yaikulu imodzi nthawi imodzi, uku mukutakasa pang'onopang'ono. Pofika supuni yachinayi kapena yachisanu mudzaona mibulu yoyera ikulekana ndi madzi achikasu ngati obiriwira. Madziwo akamaonekabe oyera ngati mkaka, onjezani supuni ina. Akasiya kuoneka ngati mkaka, lekani pomwepo, chifukwa mandimu akachuluka tchizi chimalimba ndi kuwawasa. Vundikirani ndipo mudikire mphindi 10.

Yalani nsalu ija pa sefa, tsanulirani zonse pamenepo, kenaka tsukuluzani mibuluyo ndi madzi ozizira ophitsa kale kuti kuwawasa kuchepe. Madzi achikasu aja musataye, chifukwa ndi abwino kukandira ufa wa mandasi kapena kuphikira mpunga. Pa malita 2 mupeza tchizi cha magalamu pafupifupi 300. Patulani gawo limodzi mwa magawo atatu musanafinye, limeneli ndi la zotsekemera. Chotsalacho wazani mchere pang'ono, mangani nsaluyo mwamphamvu, ikani pa mbale yafulati, ndi kutsindira ndi poto yodzaza madzi kwa ola limodzi kapena awiri.

Chikalimba, chiduleni m'tizidutswa tangati ta nyama ya mbuzi ndipo mukazinge m'mafuta ochepa mpaka mbali zonse zifiirire. Musachedwetse pamoto, chifukwa chimasanduka ngati mphira. Chotsani, ndipo m'mafuta omwewo kazingani anyezi mmodzi ndi tomato atatu mpaka msuzi ugwirane, kenaka ikani bonongwe kapena mpiru wodula kale. Ine ndimakonda bonongwe, chifukwa kufewa kwake kumagwirizana ndi tchizi kuposa kuwawa kwa mpiru, ngakhale ena amafuna kuwawa komweko. Masamba akapsa, bwezerani tchizi chija kuti chimwe msuzi kwa mphindi zisanu.

Ngati muli ndi kirimu (mafuta a pamwamba pa mkaka), supuni zitatu zimakwana, koma nthawi yothirira ndi imene imasokoneza ophika ambiri. Tomato ndi wowawasa, ndiye kirimu akathiridwa msuzi ukuwira mwamphamvu amatha kulekana n'kusiya timibulu tosaoneka bwino. Yambani mwaphula poto, dikirani kuti thovu lileke, tengani msuzi pang'ono musakanize ndi kirimuyo m'kapu, ndipo pokhapo mubwezere mu ndiwo. Amene alibe kirimu angagwiritse ntchito chambiko m'njira yomweyo, koma chimenechi ndiye sichifuna moto ngakhale pang'ono. Ndiwo zimenezi zimayenda ndi nsima, mpunga wa Kilombero kapena mbatata yophika.

Gawo lija munapatula lipondeni ndi foloko mpaka lisalale, thiranimo supuni ziwiri za chambiko ndi supuni imodzi ya uchi kapena shuga. Dulirani nthochi zakupsa kapena mango, n'kuwaza pamwamba mtedza wokazinga wosinja pang'ono. Chenjerani ndi papaya ndi chinanazi chachiwisi: zipatso ziwirizi zili ndi mphamvu yophwanya zomanga thupi za mu mkaka, ndipo zikakhala nawo kwa kanthawi chakudyacho chimayamba kuwawa. Mukazifuna, ikani pamwamba nthawi yomwe mukupereka chakudya patebulo.

Tchizi chimenechi chilibe mankhwala otetezera kuti chisawonongeke. M'furiji, m'chotengera chovundikira bwino, chimakhala masiku awiri kapena atatu, koma kumene kulibe furiji kapena magetsi amazimazima, chipangeni m'mawa kuti chidyedwe tsiku lomwelo.